Nsonga za Mpungabwi Zinatha Alongo Anga Ali Panjira

Amama anamwalira mu Okutobala, mwezi umene ngakhale nkhuku imayenda kukamwa kuli yasa. Kwathu ku Nyampande nthawi imeneyo tchire lonse limakhala litapsa, mitsinje ili mchenga wokhawokha, ndipo chobiriwira chimene ungaone ndi madimba basi. Ndineneretu pano kuti alongo anga sindinawakhululukire, kuopa kuti wina angawerenge mpaka kumapeto akuyembekezera kutiona tikugwirana chanza.

Amama anali osambitsa maliro. Sinali ntchito yolembedwa, ndipo palibe amene anawasankha. Kungoti munthu wamkazi akatsirizika m'mudzi mwathu kapena m'midzi yoyandikana, uthenga unkayamba kufika pakhomo pathu usanafike kwa abale ena. Ankagwira ntchitoyi ndi mnzawo wa pamtima, mayi wina amene anathawa nkhondo ku Mozambiki ali mtsikana, nakhazikika konkuno anzake atabwerera. Tonse tinkangowatchula kuti amai a ku Tete. Awiriwa akanyamula beseni ndi zitenje, njira yawo inkayamba yadzera kudimba kwa amama.

Kudimbako, pafupi ndi chitsime, pakati pa repu ndi tomato, panali kamzere ka mpungabwi. Anthu ambiri amaudziwa ngati chitsamba chopirikitsira udzudzu, chongodzimerera chokha nthawi ya dzinja. Amama ankauthirira chaka chonse ngati ndiwo, ndipo sankaulola kuchita maluwa. Akangoona kangala kakutuluka, ankakatsina ndi chikhadabo kuti tsinde liphukenso nsonga zatsopano. Nsongazo ndi zimene ankafuna. Tsamba lanthete, longotuluka kumene, ukalifikisa pakati pa zala fungo lake limakwera mphuno mpaka kukaluma m'maso, ndipo ntchentche siiyandikira. Tsamba lam'munsi, lija lokhuthala lokhala nthawi yaitali padzuwa, ndi la mtengo womwewo koma fungo lake ndi lina: lozizira, lofooka, ngati la udzu wa padenga mvula itagwa. Mtengo ukachita maluwa n'kuyamba kubala njere, ngakhale masamba a pamwamba amasintha, amayamba kununkha mowawira. Ine ndinakula ndikuzidziwa zimenezi monga mmene mwana aliyense amadziwira masamba a maungu, chibwabwa chanthete ndi chokhwima.

Nsongazo ankazifikisira m'madzi osambitsira thupi. Zina ankaziyala pansi pa mphasa ndi kuzungulira mutu, zina n'kuzimanga kamtolo koingitsira ntchentche. Kukatentha, tsamba lothyola silichedwa kutaya fungo, choncho ankasintha m'mawa, masana ndi madzulo. Zonsezi ankachitira chinthu chimodzi, chakuti pa tsiku loika, anthu akamadutsa pamzere, aone nkhope ya munthu wawo ili bwino. Amama ankanena kuti munthu wosaonedwa nkhope amakhala ngati wathawa m'mudzi. Pa zaka zonse zimene anagwira ntchitoyi, ankanyadira kuti palibe mayi amene anadutsa m'manja mwawo n'kupita kumanda ataphimbidwa kumaso.

Ine ndinakwatiwa ku Nyimba, ndipo ndimagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Lusaka. Atandiuza kuti amama adwalika, ndinasiyira mnzanga thebulo n'kukwera basi. Ndinawapeza atatheratu, koma nkhope ili yomweyo, yosalala, ya munthu amene sanasungirepo mnzake mangawa. Anapuma m'mawa wina dzuwa likungotuluka, mutu uli pamiyendo panga. Amai a ku Tete sanalire pomwepo. Anandigwira dzanja n'kupita nane kudimba, tinathyola nsonga zodzaza chitenje, ndipo tinawasambitsa mnzawoyo mwaulemu wonse. Titamaliza, amama ankaoneka ngati angogona tulo ta masana, nyumba yonse ikununkhira mpungabwi.

Kenako ndinaimbira foni alongo anga ku Lusaka. Ndi oyamba kubadwa m'mimba mwa amama, ndipo popeza amalume onse anatha, iwo ndiwo mwinimbumba. Kwathu manda sakumbidwa mwinimbumba asanalankhule. Analira pafonipo, ine n'kuwamvera chisoni. Atatontholako ndinawauza kuti kalipentala wa m'mudzi ali ndi matabwa okonzeka, bokosi likhoza kutha tsiku lomwelo, ndipo ndi kutentha kumeneku kunali bwino kuika mawa lake iwo akangofika.

"Iwe, amama sangagone mu mapulanga monga munthu alibe bana," anatero. "Bokosi nibwela nayo ine. Nifika mailo. Osachita chilichonse."

Ndinafunsa ngati tingapeze galimoto yoti thupi likasungidwe mozizira ku boma. Anakana. Anati n'kuvutitsa amama pachabe kuwagwedeza pamsewu wa mabampu, poti iwo afika mawa lomwelo. Ndinavomera, chifukwa ndimaudziwa msewu umenewo. Basi yonyamuka ku Lusaka m'mamawa imandipeza pa Nyimba dzuwa lisanafike pamutu, anthu n'kugula nthochi zanga pawindo. Munthu wofunadi kufika kwathu amafika tsiku lomwelo.

Mawa lake anthu anadzaza pabwalo. Amayi a mpingo anakhala m'nyumba mozungulira thupi akuimba, amuna ali pansi pa mtengo wa mango. Ine ndi amai a ku Tete tinkasinthana kupita kudimba. Dzuwa linakwera, linapendeka, galimoto osaoneka. Nditaimba foni anayankha mofulumira, ngati munthu amene ndamusokoneza pa ntchito yofunika.

"Pali tunthu tung'ono tusanasile. Mailo kuseni nili pa njila."

"Alongo, kuno kwapya," ndinatero. "Thupi silingalindile."

"Nimvela, nimvela. Uzapanga vinthu monga ni iwe weka unabadwa kuli amama."

 Tsopano ndimadzifunsa kuti tunthu tung'ono timeneto tinali totani, toposa mayi wako ali gone pamphasa m'nyumba ya malata mu Okutobala. Panthawiyo ndinkaganiza kuti mwina kuntchito akuwavuta, kapena galimoto yawonongeka. Munthu umamupezera zifukwa m'bale wako ngakhale iye sanakupemphe.

Kamzere ka mpungabwi kanali kakang'ono. Amama anakabzala kuti kazikwanira maliro a masiku onse, oti munthu wamwalira lero, mawa kapena mkuja waikidwa. Sikanali ka maliro odikira munthu wa ku Lusaka. Nsonga zenizeni zinatha. Tinayamba kuthyola masamba otsatira, aja apakati, amene fungo lake likadalipo koma uyenera kuwafikisa mwamphamvu kuti limveke. Ndinazungulira madimba a anthu ena ndikufunsa, koma ndani angathirire chitsamba chosadyedwa pamene madzi akuvuta? Kumtsinje ndinapeza mitengo yake ili gwa, youma, njere zokhazokha zikuchita phokoso ukaigwedeza. Mpungabwi suphuka chifukwa choti wina ali pa changu. Pamene tinatsina dzulo lake pankangooneka timaso tiwiri tobiriwira, tosakwana n'kugwira komwe.

Tsiku lotsatira foni inali yomweyo, mawu omwewo. Bokosi lapezeka, ati lokongola kwambiri, koma panali chinthu chimodzi chimene ankadikira. Sanandiuze kuti n'chiyani. Ndinawauza mosabisa kuti amama ayamba kusintha, kuti khungu layamba kuda m'khosi, kuti mimba yayamba kukwera. Ndinanena mawu amene mwana sayenera kunena za mayi wake, kuti mwina alowe m'khutu. Anandiyankha kuti ndisiye kuwaopseza, ndipo foni inaduka.

Ndinapita pansi pa mango paja pamene panakhala akuluakulu a banja. Sindinagwade bwinobwino, ndipo sindikupepesa. Ndinawauza kuti alole adzukulu akumbe, kalipentala akhome bokosi, tiike amama lero anthu akadatha kuwaona. Anayang'anana. Mmodzi, msuweni wa amama, anakanda kumutu n'kunena mofatsa ngati akulankhula ndi mwana wodwala malungo.

"Mwana wangu, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwinimbumba walankhula. Tikaika iye kulibe, mlandu uyo ausenze ni nani?"

"Mlandu wa nkhope ya amama ausenze ndani?" ndinafunsa.

 Wina anayang'ana kumapazi, wina anayamba kupichira fodya. Amuna akuluakulu, a imvi zawo, amene akazi awo ndi alongo awo anasambitsidwa ndi manja a amama, anakhala duu kuopa munthu amene anali asanaponde m'mudzimo zaka zingapo. Sikuti sankamva fungo. Mphepo inkawomba kuchokera kunyumba kupita kumango komweko. Amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma thupi la munthu silikoma likagonera, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa ine.

Madzulo ake ndinabwera kuchokera kudimba ndi masamba am'munsi okhaokha, aja akale, ena atayamba chikasu m'mbali. Mitengo ndinaisiya ili mbulanda. Amai a ku Tete anatenga tsamba limodzi, analifikisa, analinunkhiza, n'kulitaya pansi.

"Aya yakalamba," anatero. "Yalibe mphamvu. Koma tiike chabe, tilibe yena."

Tinawasinja mumtondo kuti mwina atulutse kanthu. Madzi anabiriwira ndithu, koma fungo linali la udzu wonyowa, losapitirira pamphuno. Tinawapukuta amama ndi madziwo, tinayala zotsalazo kuzungulira mutu. Ndili chigwadire ndinaona ntchentche yaikulu yobiriwira ikutera pa tsamba lenilenilo, ikupukuta miyendo yake mosatekeseka. Ina inabwera, kenako ina. Ndinaziingitsa ndi kamtolo ka masamba omwewo, izo n'kumangozungulira n'kubwerera. Apo m'pamene ndinalira koyamba kulira kwenikweni, ndipo sikunali kulira kwa chisoni. Ndinkalira ndi ukali, mano ali lumelume.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi ulemu wa amayi a mpingo. Palibe anadandaula, palibe anagwira pamphuno. Mmodzi anatuluka ngati akukamwa madzi, osabwereranso. Wina anati mwana akulira panja. Pang'onopang'ono nyimbo inasamukira pakhonde, kenako pabwalo, mpaka m'nyumba munatsala ine, amai a ku Tete ndi amama. Mayi amene anakhala pafupi ndi mitembo ya mudzi wonse, osanyansidwa, osatembenuza nkhope, anatsala ndi anthu awiri. Sindikuwaimba mlandu amayiwo, mphuno ilibe mwambo. Mlandu ndikudziwa pamene uli.

M'mawa mwake amai a ku Tete anavundukula chitenje chakumutu, anayang'ana nthawi yaitali, n'kubwezerapo. Anatenga chitenje china, chachiwiri, chachitatu, ndipo tinawakulunga amama thupi lonse mpaka kumutu, n'kumanga ndi timizere ta nsalu.  

"Nkhope iyi taiona ise wawili," anandiuza. "Wina asaione. Mnzangu sangakonde."

Tisanamalize n'komwe, anafika amama aang'ono, mng'ono wawo wa amama wotsala yekhayo, amene amakhala ku Msanzala. Uthenga unawapeza mochedwa, ndipo anabwera pa ngolo ya ng'ombe chifukwa miyendo ndi maso zinali zitayamba kale kuwakana. Anali asanaonane ndi mkulu wawo kwa nthawi yaitali. Analowa m'nyumba akupapasa ndi ndodo, osasamala za fungo, nagwada pamphasa n'kuyamba kufufuza mfundo za nsalu ndi zala.

"Masulani nione akulu wangu," anatero.

Amai a ku Tete anawagwira manja onse awiri. Anangopukusa mutu. Amama aang'ono anamvetsa, poti nawonso ndi munthu wamkulu, ndipo anakhala pansi n'kuyamba kulira motsitsa. Akanafika tsiku limene ine ndinkafuna kuika, akanaona nkhope yosalala ija. Ndinawatulutsa panja.

Galimoto inafika dzuwa lili paliwombo. Inali yaikulu, fumbi lili kobo kumbuyo, pamwamba atamangirira bokosi loyera la zogwirira zonyezimira ngati golide. Chakumutu kwa bokosilo kunali kawindo kagalasi koonera nkhope. Anthu anaimirira, ena mpaka kuiwala kulira poyang'ana. Zitseko zitatseguka anatsika alongo anga, akazi awo, ana awo ndi anzawo a kutauni, onse atavala masikipa oyera ofanana. Pachifuwa pa aliyense panali chithunzi cha amama akumwetulira, chimene anajambulitsa pa ukwati wa alongo angawo, pansi pake atalemba mawu achingerezi.

Alamu anga anabwera kwa ine ndi thumba la pulasitiki, nandipatsa sikipa yanga ili yopindidwa bwino. Anandinong'oneza ngati akundiuza nkhani yabwino.

"Mulamu, aya ndiye yanatichedwesa. Wodinda anayamba walakwisa chithunzi, so tinamuuza abwezepo. Manje onani mwamene yaonekela bwino."

Ndinayang'ana sikipayo, ndinayang'ana mayiyo. Tunthu tung'ono tija tinali timeneti. Amama ankaola pamphasa, ine ndikukwawa m'madimba a anthu kufuna katsamba kanthete, iwo ali pa shopu ku Lusaka kukangana ndi wodinda malaya kuti chithunzi sichinaoneke bwino. Ndinaiponya sikipayo pafumbi pamaso pa anthu onse. Amayi ena anati ndachita mwano pamaliro. Mwina ndinachitadi, ndipo lero nditapatsidwanso ndingaiponyenso.

Alongo anga analowa pabwalo akulira mokweza, manja ali kumutu, akuitana amama. Anthu anawapatsa njira. Anafika pakhomo, anaponda phazi limodzi m'nyumba, ndipo kulira kuja kunaduka ngati wailesi yatha mabatire. Anabwerera chambuyo dzanja lili pamphuno. Anaima pakhonde akupuma mwabefu, kenako ananditembenukira maso ali psu.

"Iwe, n'chifukwa chani sunaniuze kuti vafika apa?"

Ndinawayankha pamaso pa akuluakulu onse aja. Ndinawauza kuti ndinanena tsiku loyamba, ndinanena lotsatira, ndinatchula khosi, ndinatchula mimba, ndipo iwo anandidulira foni. Ndinawauza kuti basi za ku Lusaka zimadutsa pamphuno panga tsiku lililonse, ndipo palibe imene imagona panjira. Ndinawauza kuti kalipentala uyo ali apoyo akanawagoneka amama m'matabwa a mukwa nkhope ili poyera, mudzi wonse n'kutsanzikana nawo. Mawu anga ankamveka mpaka kumango. Msuweni wa amama uja anabwera kudzandigwira paphewa kuti ndidekhe, ndipo ndinachotsa dzanja lake.

Adzukulu analowetsa bokosi m'nyumba atamanga mipango kumphuno. Powanyamula amama, masamba akale aja anagwera pa nsalu yoyera ya m'bokosimo, ndipo alongo anga ali pakhomo analamula kuti achotse zinyalalazo zingadetse. Amai a ku Tete, amene sindinawamvepo akukweza mawu kwa mwamuna, anaimirira n'kunena kuti masambawo apita ndi mwini wake, ndipo amene akufuna kuwachotsa alowe adzachotse yekha. Palibe analowa. Atatseka bokosi, mayiwo anavula chitenje cha m'chiuno mwawo n'kuphimba kawindo kagalasi kaja.

Bokosi analiika pabwalo pa mipando iwiri. Mwambo utafika pa nthawi yoona nkhope, anthu anali atayamba kale kuima pamzere mwachizolowezi, amayi kutsogolo. Mkulu wa mpingo anakhosomola n'kulengeza kuti chifukwa cha nyengo, banja lapempha kuti tipitirire. Mzere uja unaima kanthawi, anthu osadziwa kolowera. Munali amayi amene amama anawasambitsira ana awo, amayi awo, apongozi awo. Anabwera kudzabweza ulemu umodzi wokhawo umene akanatha kubweza, ndipo anabwerera kukakhala pansi.

Amama aang'ono okha ndiwo sanakhale pansi. Anayenda ndi ndodo yawo pang'onopang'ono, anadutsa bokosi lija osaligwira, mpaka anakafika pamene anaima alongo anga ndi anzawo a masikipa. Anawagwira malaya pachifuwa ndi manja awiri, n'kuwakokera pansi kuti chithunzi chifike pafupi ndi maso awo ofooka. Alongo anga anafuna kubwerera m'mbuyo.

"Imilila bwino, mwana wangu," anatero amama aang'ono. "Nione akulu wangu."

Anaima. Mwamuna wamkulu, mwinimbumba, anawerama pakati pa bwalo dzuwa likuswa mtengo, gogo uja akusisita chithunzi pamimba pake ndi zala, kuyambira pachipumi kutsikira m'masaya, akulankhula ndi mkulu wake motsitsa. Bwalo lonse linkayang'ana. Ndinaona maso a alongo anga akundifunafuna pakati pa anthu kuti ndibwere ndidzawachotsere mayiyo. Ndinali pafupi ndithu, ndipo sindinasunthe.